Wotsogolera kuphiri aziwerenga anthu, osati ndalama

Kuno ku Masambanjati kwabuka aneneri odzidzoza okha, otengera anthu kuphiri usiku, amvekere pamwamba Mulungu amayankha msanga. Amayi otchola tiyi m'maesiteti akukhuthula malipiro awo kuti akwere nawo, ena mwana ali kumsana.

Pitani ku Likhubula mukaone otsogolera alendo pa Phiri la Mulanje. Iwo amawerenga anthu awo pokwera ndi potsika, ndipo chiperoni chikaphimba njira amabweza gulu lonse, ngakhale nsonga ya Sapitwa, ya mamita 3,002, itayandikira. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasiya womutsogolera nakwera yekha, anakamupeza atafa. Phiri silimva malilime.

Nanga mneneri wanuyo amawerenga chiyani? Ndalama basi. Wina akaterereka pathanthwe mumdima, amati chikhulupiriro chinamuchepera. Safunsa anadya phula: mufunseni, munthu akathyoka mwendo adzamunyamula ndani?

Werengani Yohane 4:21-24. Kwa mayi wa ku Samariya Ambuye anathetsa mkangano wa phiri. Pemphero la m'kanyumba kanu kofolera ndi udzu limafika kumwamba popanda tochi kapena envelopu. Amen.