Musanatchule satana, tchulani chimbale chimodzi chomwe mwamvera

Ndimakonda heavy metal, makamaka ya magulu omwe simudzawamva pa wailesi iliyonse m'dziko muno, ndipo ndatopa ndi kuweruzidwa ndi anthu omwe sanamverepo chimbale ngakhale chimodzi mpaka kumapeto. Chondiwawa n'chakuti oweruzawo si agogo akumudzi. Ndi ife tomwe, ophunzira a pa yunivesite, anthu omwe m'kalasi timadziwa kuti mfundo iliyonse imafuna umboni. Koma wina angomva gitala akulira m'mahedifoni a mnzake ku hositelo, za umboni zija zaiwalika: “Zausatana izo.” Mlandu watha pomwepo, mboni sinafunsidwe n'komwe.

Ena omwe amadziona ngati otsogola satchula satana. Iwo amati, “Nyimbo za azungu, ukudzitaya chikhalidwe.” Amanena izi foni yawo ili yodzaza ndi amapiano a ku South Africa ndi hip hop yomwe inabadwira ku Bronx. Reggae inachokera ku Jamaica, koma sindinamvepo munthu akuti Evison Matafale kapena Black Missionaries si Amalawi enieni. Nanga gitala akangolemera mawu, ufulu womutenga n'kumusandutsa wathu uthere pati?

Ndipo tinamutenga kalekale, kungoti sitidziwa mbiri ya anansi athu. M'zaka za m'ma 1970 ku Zambia, makamaka ku Copperbelt ndi ku Lusaka, kunali nyimbo zomwe lero zimatchedwa Zamrock. Anyamata akumeneko ankamvera Jimi Hendrix, Deep Purple ndi Black Sabbath, n'kusakaniza zomwe amvazo ndi kaimbidwe ka kwawo. Boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za ku Zambia, magulu amenewa anapeza bwalo. Mu 1975 gulu la WITCH, lomwe woimba wake anali Jagari Chanda, linatulutsa chimbale cha Lazy Bones!!, ndipo chaka chomwecho Amanaz anatulutsa Africa. Kenako kunabwera Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family: Day of Judgement mu 1976 ndi 45,000 Volts mu 1977. Pa zonsezi, Ngozi ndiye amandigwira mtima. Gitala wake ndi waukali, wokanda m'makutu, majambulidwe ake ndi osasalala, ng'oma zikumveka ngati akuziombera m'chipinda choyandikana nacho. Nyimbo zake zina anaimba m'Chinyanja, chomwe inu ndi ine timamva popanda womasulira.

Mitengo ya kopa itagwa, chuma cha Zambia chinalowa pansi, kenako Edzi inatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Zimbale zija zinakhala zaka zambiri zili m'fumbi mpaka kampani ya ku America ya Now-Again Records itayamba kuzitulutsanso. Mu 2024 Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family yotchedwa “Nizakupanga Ngozi” n'kuchiika m'nyimbo yake ya “Noid”. Mwadzidzidzi anzanga omwe ankanyoza “phokoso” anayamba kutumizirana nyimboyo monyadira kuti tamvani Chinyanja chafika ku America. Ndiye kuti gitala wa Ngozi anayera tsiku lomwe Mmereka anamukhudza? Nyimboyo inalipo zaka zoposa 45, tsidya lina la Mchinji pomwepa, ife osailabadira. Wodzitaya chikhalidwe ndani pamenepa?

Tsikirani kummwera, ku Botswana. Kumeneko kuli okonda metal omwe amadzitcha Marok, ovala zikopa zakuda, nsapato ndi zipewa za abusa a ng'ombe, zomwe n'zosadabwitsa m'dziko lomwe ng'ombe ndi chuma. Ku Gaborone kuli Wrust, omwe chimbale chawo cha Soulless Machine chinatuluka mu 2007. Kulinso Skinflint, omwe kwa ine ndi yankho lokwanira kwa aliyense wonena za chikhalidwe. Chimbale chawo china chimatchedwa Iklwa, dzina la mkondo waufupi wa ankhondo a Shaka, china Dipoko, lomwe m'Chitswana ndi mizukwa. Nkhani zawo amazitenga m'nthano, m'nkhondo ndi m'zikhulupiriro za kuno ku Africa. Pomwe magulu a ku Ulaya amaimba za ma Viking, iwo amaimba za mizimu ya kwawo. Nanga oimba athu angati a pa wailesi anatolapo nthano ya Napolo kapena ya Mbona n'kuipangira chimbale chathunthu?

Ndiye pali Overthrust, a death metal, ochokera ku Ghanzi, kamtauni ka m'chipululu cha Kalahari. Chimbale chawo cha Desecrated Deeds to Decease chinatuluka mu 2015, ndipo chaka chotsatira anakaimba ku Wacken Open Air ku Germany, umodzi mwa misonkhano ikuluikulu ya metal pa dziko lonse. Kwawo ku Ghanzi amachititsa chikondwerero cha metal m'nyengo yozizira, ndipo zomwe apeza amathandizira ana ovutika. Atumiki a satana odabwitsa ndithu.

Tsopano za satanayo, ndipo sindizemba. Inde, ku Norway kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anyamata ena a black metal anatentha matchalitchi, kuphatikizapo tchalitchi chakale chamatabwa cha Fantoft mu 1992, ndipo mu 1993 Varg Vikernes anapha woimba mnzake Euronymous. Anamangidwa, ndipo kunali koyenera. Alipo magulu omwe amanyoza chipembedzo mwadala, alipo ena atsankho lonunkha, ndipo amenewo ine sindiwapatsa khutu langa. Koma kutenga kagulu ka ku Norway n'kuweruzira nyimbo zomwe zakhalapo zaka zoposa 50 m'makontinenti onse kuli ngati kutseka matchalitchi onse chifukwa cha mneneri mmodzi wodyera nkhosa zake.

Onani komwe zinayambira. Black Sabbath anali ana a anthu ogwira ntchito m'mafakitale a ku Birmingham. Tony Iommi anaduka nsonga za zala ziwiri pa makina a m'fakitale ali ndi zaka 17. Kuti apitirize kuimba anadzipangira tizivindikiro ta pulasitiki pa zalazo, ndipo pambuyo pake anamasula nsambo za gitala kuti zisamupweteke, zomwe zinawonjezera kulemera kwa mawu ake. Dzina la gululo analitenga ku filimu yoopsa ya 1963. Chimbale chawo choyamba chinatuluka pa 13 February 1970. “War Pigs”, ya chaka chomwecho, ikudzudzula akuluakulu otumiza ana a amphawi kukafera ku nkhondo. “After Forever” ya 1971, yomwe mawu ake analemba ndi Geezer Butler, wokulira m'banja la Chikatolika, ikuikira kumbuyo chikhulupiriro mwa Mulungu mosabisa. Ngakhale chizindikiro cha zala ziwiri chija, chomwe chimaopsa anthu ambiri, Ronnie James Dio yemwe anachitchukitsa ankanena kuti anachitengera kwa agogo ake aakazi a ku Italy, omwe ankachigwiritsa ntchito pothamangitsa diso loipa.

Metal imakamba za imfa, za mdima, za ziwanda, n'zoona. Nawonso mafilimu a ku Nigeria omwe tinakulira nawo m'mavidiyo sho anali odzaza ndi mfiti, mizimu ndi nsembe zamagazi, koma palibe anatcha owonerawo afiti. Buku la Chivumbulutso lili ndi zilombo zoopsa kuposa chikuto cha chimbale chilichonse chomwe ndili nacho. Kutchula choipa si kuchipembedza. Ndipo ife Amalawi tinayenera kukhala oyamba kusamala ndi mawu amenewa, chifukwa amishoni anatchapo Gule Wamkulu zaziwanda, chifukwa cha zigoba, ng'oma ndi mantha omwewo a chinthu chomwe sanachimvetse. Mu 2005 UNESCO inaulemekeza gule yemweyo ngati chuma cha anthu onse. Lero mdzukulu wa ovina aja akuloza chala mnzake wa tisheti yakuda, ndi chilankhulo chomwe anabwereka kwa omwe ananyoza agogo ake.

Wina anena kuti ndikukulitsa nkhani, ndi nthabwala chabe za ku hositelo. M'dziko muno mawu akuti “wasatana” si nthabwala. Timamva kawirikawiri za okalamba ophedwa chifukwa choganiziridwa ufiti. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena akummwera zinaphetsa anthu osalakwa. Zonsezi zimayamba ndi munthu mmodzi woloza chala popanda umboni, ena n'kuvomereza chifukwa choopa kufunsa. Munthu wa digiri akamachita zomwezo pa nkhani yaing'ono ngati nyimbo, ndimadzifunsa kuti adzachita zotani akadzakhala mphunzitsi wamkulu, wapolisi kapena woweruza milandu.

Za phokosozo sinditaya nthawi. Ng'oma za tchopa nazo ndi phokoso kwa munthu yemwe sadziwa pogwira. Woimba ng'oma wa death metal amaponda ndi mapazi onse awiri pa liwiro lomwe limafuna zaka zophunzira, ndipo kubangula kuja kuli ndi luso lake, apo ayi mmero umatha m'sabata imodzi. Simukuzikonda? Palibe mlandu, inenso zilipo nyimbo zomwe sindizipirira. Nenani kuti “sizindisangalatsa”, osati kuzipachika pa satana.

Chomwe ndimakondera magulu osatchukawa n'chakuti palibe amawauza choimba. Sakudikira kuti DJ awakonde, sakupanga nyimbo ya masekondi 30 yovinira pa TikTok, sakuyembekezera kuitanidwa ku msonkhano wa chipani. Amajambula ndi ndalama za m'thumba mwawo, amagulitsa pa Bandcamp, amaimbira anthu ochepa omwe abwera chifukwa akufunadi kumva. Mkwiyo womwe uli m'nyimbo zawo ndimaudziwa bwino. Ndi womwewo uli mwa mnyamata yemwe wamaliza digiri, wayenda ndi envelopu ya khaki zaka zitatu, ndipo wailesi ikungomuuza kuti avine. Ngati bandulo yanu ikulola, yambani ndi 45,000 Volts, popeza chilankhulo chake china n'chanu, kenako Iklwa. Overthrust muwasiyire kumapeto, makutu akazolowera.

Ghanzi ndi kamtauni kochepa kwambiri poyerekeza ndi Zomba, koma katulutsa gulu lomwe laimba ku Germany. Ife odziwa gitala tili nawo, Lamulungu lililonse amakhala kutsogolo m'matchalitchi mwathu, ndipo ena mwa iwo ndikudziwa zomwe amamvera akatseka chitseko. Akusowa chipinda choyeserera momwe woyandikana nawo sathamangira kukawaneneza kwa abusa.