Chikumbutso cha Matafale chisamangothera pa gule wa tsiku limodzi

November akafika, mawayilesi amakumbukiranso kuti m'dziko muno munali munthu wotchedwa Evison Matafale. "Watsetsereka", "Yang'ana Nkhope" ndi "Olakwa Ndani" zimalira m'maminibasi, m'malo ometera tsitsi ndi m'mabala, ndipo ku Chileka, monga zimakhalira chaka ndi chaka kumapeto kwa November, abale ndi anansi amalandira alendo odzakumbukira mwana wawo. Matafale anamwalira pa 27 November 2001 ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, patangopita masiku ochepa atamunjata pa mlandu wolemba makalata odzudzula boma la nthawiyo. Anali ndi zaka 32 zokha.

Tiyambe ndi kuvula chipewa. Munthuyu anatisiyira zimbale ziwiri basi, Kuimba 1 ya mu 1999, imene anajambula mothandizidwa ndi a Wailing Brothers, ndi Kuimba 2 ya mu 2001. Oimba ambiri atulutsa zimbale khumikhumi koma lero palibe amene amawatchula. Dzina la Matafale likadali pakamwa pa ana amene anabadwa iye atagona kale kumanda, ndipo ulemu wa zimenezi upite kwa a Black Missionaries, gulu limene iye anasiya. Musamude Fumulani anasenza gululi mpaka naye anatsogola mu 2007. Anjiru ndi Chizondi Fumulani, pamodzi ndi Anthony Makondetsa, sanalole kuti moto uzime, moti mndandanda wa zimbale za Kuimba unadutsa kale pa 10. Chikumbutso cha ku Chileka amachikonza okha, amayamba ndi kumanda kukagoneka nkhata, kenako n'kuimbira anthu ulere mpaka mdima. Palibe nduna imene inawalamula, palibe lamulo limene linawakakamiza. Zaka zoposa 20 akhala akuchita ntchito imene mtundu wonse unayenera kugwirira limodzi. Anyamata a ku Chileka, Mulungu akudalitseni.

Ndipotu Chileka simudzi wamba pa nkhani ya maimbidwe. Kwa Singano komweko n'kumene kunachokera Daniel ndi Donald Kachamba, amene gitala ndi chitoliro chawo cha kwela zinakamveka mpaka ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu January 2001, kutanthauza kuti m'chaka chimodzi chokha dera limeneli linaika m'manda zimphona ziwiri. Robert Fumulani wa Likhubula River, bambo wawo wa Musamude, Anjiru ndi Chizondi, nayenso n'ngwakomweko. Mlendo akatsika ndege pabwalo la Chileka amadutsa pafupi ndi mbiri yonseyi osaona ngakhale chikwangwani chomuuza kuti pano panabadwira nyimbo za dziko lino.

Tikudziwa kuti boma lili ndi mitolo yolemera. Mankhwala akusowa m'zipatala, feteleza wakwera mtengo, ndalama zakunja zikuvuta. Munthu wanzeru sangapemphe kuti ndalama ya mankhwala a malungo ikagule magitala. Sitikupemphanso tsiku latchuthi, pakuti matchuthi tili nawo okwanira. Tikuvomerezanso kuti pali zina zimene zinachitika. Lamulo loteteza luso linabwera mu 1989, bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992, lamulo latsopano linadutsa mu 2016, ndipo oimba ena amalandirako kangachepe nyimbo zawo zikamaseweredwa. Zonsezi n'zabwino ndipo sitikuzinyoza.

Koma tiyeni tifunsane mafunso apafupi. Mwana wa Fomu 3 amene aphunzitsi amuuza kuti alembe za Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band apite kuti? Mkulu wosaona uja wa ku Thyolo, amene banjo yake inkaliritsa anthu pa wayilesi ya MBC, anamwalira mu 1995. Kodi nyimbo zake zonse zili pamalo amodzi, zolembedwa bwino, chaka chojambulira ndi mayina a amene ankaimba naye? Nanga matepi oyambirira a Kuimba 1 akusungidwa ndi ndani, m'chipinda chotani? Nanga za Stonard Lungu, za Michael Yekha, za MBC Band? Chomvetsa manyazi n'chakuti amene akufuna kumva bwino mmene agogo athu ankaimbira m'zaka za m'ma 1950 amayenera kugogoda ku Makhanda, m'dziko la South Africa, kumene kukusungidwa zimene Hugh Tracey anajambula akuyenda m'midzi ya Nyasaland. Zambiri za a Kachamba tikuzidziwa chifukwa Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana nawo mu 1967 n'kuyamba kuwajambula ndi kulemba za iwo, ndiponso chifukwa Moya Malamusi anadzipereka kusonkhanitsa ndi kusunga zinthu ku Chileka komweko ndi mphamvu zake. Alendo ndi anthu paokha ndiwo atisungira mbiri. Ife eniake tatanganidwa ndi chiyani?

Awerengi athu akudziwa kuti nkhani ya Blantyre Cultural Centre taibwereza mpaka ena atopa nafe. Tiibwerezanso. Malo amenewa, pamene ankatchedwa French Cultural Centre, anali bwalo limene woimba aliyense wa dzina anapondapo. Afalansa atachoka mu 2011 n'kusiya malowa m'manja mwa boma, mbava zinalowa n'kusesa katundu, ndipo kuchokera pamenepo zaka zinatha tikumva nyimbo imodzimodzi yakuti ntchito yokonza iyamba posachedwa, ndalama zikubwera, kontirakitala wapezeka. Nduna zasinthana, maina a unduna asintha kangapo, chikhalidwe chikumangiriridwa lero ku zokopa alendo, mawa ku maboma aang'ono, mkuja ku achinyamata. Dziko limene linalephera kulondera nyumba imodzi imene linailandira ili bwinobwino lingatiuze chiyani za kusunga mbiri ya oimba?

Apa ndiye tisiye kulankhula mozungulira. Atsogoleri athu amakonda woimba pa nthawi ziwiri zokha, pa kampeni ndi pamaliro. Pa kampeni amamukweza pa lole kuti akokere anthu kumsonkhano. Pamaliro amabwera ndi mdipiti wa magalimoto, kukhala kumpando wakutsogolo, kugwira maikolofoni n'kunena kuti dziko lataya chipilala, kulonjeza kuti boma silidzaiwala. Manda akangokwiriridwa, fumbi la magalimoto lija likangotsika, wamasiye amatsala ndi ngongole ndi mulu wa nkhata zofota. Pakati pa kampeni ndi maliro, woimba akadwala timamva za iye kudzera m'mauthenga opemphetsa pa WhatsApp. Uku si kulemekeza luso ayi. Uku n'kudyera masuku pamutu anthu amene anakuimbirani mpaka munalowa m'boma.

Taonani za Giddes Chalamanda. Mkuluyu anabadwa mu 1930 ndipo wakhala akuimba kuyambira atsamunda asanachoke. Zinatengera Patience Namadingo, woimba mnzake wachinyamata, kukhala naye pansi mu 2020 n'kujambula naye, kuti "Linny Hoo" ifalikire pa TikTok n'kumveka m'mayiko amene mwiniwake sanawapondepo. Pamenepo m'pamene akuluakulu anadzidzimuka n'kuyamba kupikisana pokajambulitsa naye zithunzi kwawo ku Chiradzulu. Zaka zonse zija mkuluyu akuyenda ndi gitala m'malo omwera kuti apeze ya ufa, munali kuti? Kodi tiyenera kudikira kuti anthu a ku Asia avine kaye nyimbo yathu kuti tidziwe kuti tili ndi chuma?

Chamba cha reggae chimene Matafale ankaimba chinachokera ku Jamaica, ndipo n'koyenera kuona mmene eniake amachitira. Bob Marley anamwalira pa 11 May 1981. Nyumba yake ya ku Hope Road mumzinda wa Kingston lero ndi malo osungirako mbiri yake, ndipo alendo amalipira kuti alowe. Kuyambira 2008 boma la Jamaica linapatula mwezi wa February kukhala wa reggae, ndipo mu 2018 UNESCO inaika chambachi pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Jamaica si dziko lolemera, komanso anthu ake safika pa 3 miliyoni. Pafupi pompano, Oliver Mtukudzi atamwalira mu January 2019, boma la Zimbabwe linamutcha ngwazi ya dziko, ndipo malo ake a Pakare Paye ku Norton ndi umboni wa zimene woimba angasiyire ana a mawa. Anzathuwa alinso ndi mavuto a zachuma, mwina oposa athu. Chimene ali nacho, chimene ife tikusowa, ndi manyazi.

Palinso ngongole ina imene gule wa ku Chileka sangaifafanize. Matafale sanafere pakhomo pake kapena pa ngozi ya pamsewu. Anafera m'manja mwa boma. Panakhazikitsidwa komiti yofufuza, panamveka za matenda, panamvekanso za mabala, ndipo mpaka lero Amalawi ambiri sanakhutire ndi mayankho amene anapatsidwa. Maboma asinthana kuyambira nthawi imeneyo, koma anthu akupitirirabe kufera m'zitolokosi, monga tinaonera ndi Buleya Lule mu 2019. Wandale amene akufuna kukaima pa nsanja ya chikumbutso ayambe wafotokoza zimene wachita kuti mwana wa munthu asamalowe kupolisi ndi miyendo yake n'kutuluka ali m'bokosi. Akapanda kutero, akhale kunyumba. Nyimbo za Matafale zinali zofunsa olamula mafunso owawa, ndipo n'chipongwe kuzisandutsa zokometsera msonkhano wa anthu omwe iye akanawadzudzula.

Nawonso mawayilesi, ndi ife omvera, tisadzipatule. Muulutsi amaika nyimbo ya Namoko n'kumalankhula pamwamba pake kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kupereka moni kwa anzake a ku Ndirande, osatchula ngakhale chaka chimene inajambulidwa kapena amene ankaimba ng'oma. Nyumba zina zoulutsira mawu zimazengereza kulipira ndalama za oimba koma nyimbozo ndi zimene zimawabweretsera otsatsa malonda. Pamsika uliwonse pali kakhumbi kamene mnyamata ali ndi kompyuta yakale, ndipo pa ndalama yosakwana mtengo wa botolo la fanta amakudzazira nyimbo zonse za Kuimba m'kamemore khadi, zosakanikirana, zina zolembedwa dzina la woimba wolakwika. Wogulayo ndi yemwe uja amalira kwambiri pachikumbutso, atavala malaya ofiira, achikasu ndi obiriwira. Ana a woimbayo sapezapo ngakhale tambala. Chikondi chotere n'chotani?

Oimba amene muli moyo, inunso mverani. Lembani pamene munajambulira nyimbo iliyonse ndi amene munali nawo. Sungani zojambula zoyambirira pamalo oposa amodzi. Lembetsani ntchito zanu ku COSOMA ndipo konzani wilo, kuti mukadzapita abale asadzakanganirane gitala nyimbo zikutengedwa ndi anthu ena. Imfa ya Lucius Banda pa 30 June 2024, chaka chomwe chimbale chake choyamba cha Son of a Poor Man chinakwanitsa zaka 30, ndi ya Wambali Mkandawire mu January 2021, zinatikumbutsa kuti m'badwo umene unatiimbira pa nthawi ya kusintha kwa ndale ukutha tikuona. Madzi akatayika saoleka.

Masiku akuluakulu akubwera ndipo palibe amene angadzanamizire kuti anamudzidzimutsa. Mu 2027 zikwana zaka 40 chimwalirire Daniel Kachamba ndi zaka 20 chimwalirire Musamude Fumulani. Mu 2028 Alleluya Band ya ku Balaka, imene inalera Paul ndi Lucius Banda ndi oimba ena ambirimbiri, ikwanitsa zaka 50. Mu 2030 zikwana zaka 100 chibadwire Chalamanda. Tikufuna kuti unduna woona za chikhalidwe, MBC, nyumba yosungira zakale ya ku Zomba ndi masukulu a ukachenjede akhale pansi ndi mabanja a oimba, asonkhanitse matepi, zimbale ndi zithunzi zisanawonongeke ndi chinyontho ndi chiswe, azisamutsire pa makompyuta, ndipo atsegule malo amene mwana wasukulu angalowe n'kumvetsera. Tikufuna ndalama ya ntchitoyi ioneke m'bajeti ndi mzere wakewake, osati m'malonjezo a pamaliro. Aphungu a ku Blantyre, Balaka, Thyolo ndi Chiradzulu, nkhaniyi ndi ya kwanu, ifunseni m'Nyumba ya Malamulo. Nduna imene ilipo itiuze tsiku limene ntchito iyambe ndi dzina la ofesala amene adzayankhe ikalephereka. Ife tidzasindikiza yankholo patsamba loyamba, ndipo likapanda kubwera tidzalembanso kuti silinabwere.