Njovu m'Khola la Mbuzi

Aliyense amene anayendapo m'misewu ya Heavy Industrial Area mu mzinda wa Kitwe, kumene kuli nyumba zosulira zitsulo ndi mosungira katundu wa makampani otumikira migodi, adziwa kuti kumeneko makina amalemekezedwa chifukwa cha kulemera kwawo ndi kubangula kwawo. N'chifukwa chake sindidabwa ndikaona anyamata athu ophunzira zamakompyuta, ena a iwo a pa Copperbelt University, akusirira maseva aakulu amene maofesi anawapumitsa ntchito, monga Dell PowerEdge R710 kapena HP ProLiant DL380, nalota zowasenza kupita nawo kwawo kuti akaphunzirirepo. Khama lawo ndiliyamika ndi mtima wonse, koma chimene asankhacho ndichitsutsa.

Chofuna chawo n'chabwino ndithu. Luso lotchedwa virtualization limachititsa kompyuta imodzi kudzigawa nikhala ngati makompyuta asanu kapena khumi, ina ya Linux, ina ya Windows, monga mdadada umodzi wogawidwa zipinda za alendi; ndipo wophunzira akaononga imodzi amangoifufuta nayamba ina popanda kudandaula. Koma mphamvu imeneyi siikhala m'kukula kwa bokosi ayi. Imakhala mu pulosesa, imene a Intel anaipatsa VT-x m'chaka cha 2005, a AMD natsatira ndi AMD-V mu 2006, kotero kuti lero ngakhale kakompyuta ka pa tebulo la kalaliki, ka Core i5 kapena Ryzen, kali nalo lusoli, kungoti nthawi zina limakhala lili mtulo mu BIOS kudikira mwini wake alidzutse.

Tsono tiyeni tikhale pansi tiwerengere mtengo, monga achitira womanga nsanja asanakumbe maziko. Seva ya R710, imene inatuluka mu 2009, imadya mawati pafupifupi 150 ngakhale itangokhala osagwira kanthu, ndipo ikayaka usana ndi usiku kwa mwezi wathunthu imameza mayunitsi oposa 100; pamene ka Lenovo ThinkCentre Tiny kapena Dell OptiPlex Micro, kamene mwana wa sukulu angakabise m'chikwama cha mabuku, kamakhuta ndi mawati 10 kapena 15, ndiye kuti mayunitsi pafupifupi 10 pa mwezi. Wogula mayunitsi m'nyumbamo kawirikawiri si mnyamatayo, koma mayi wake; ndipo mayi yemweyo ndiye adzagona kuseri kwa khoma kumvera mafani a sevayo akulira ngati chigayo. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komatu nkhani yaikulu ndi magetsi enieniwo. Sitinaiwale chaka cha 2024, pamene Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 February kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, madzi a m'nyanja ya Kariba naphwera, nyumba zathu nizikhala mumdima mpaka maola 21 pa tsiku. Migodi ili ndi Copperbelt Energy Corporation yoiperekera magetsi. Koma mnyamata wa m'komboni ya Chimwemwe kapena ya Wusakile alibe womulankhulira. Seva yaikulu inapangidwira chipinda chozizira, chopanda fumbi, chokhala ndi jenereta yodikira pakhomo, ndipo magetsi akathima mwadzidzidzi ili pakati polemba, makompyuta khumi aja angadzuke ali ovulala onse pamodzi. Kuti muiyendetse pa batire mufunika inveta ndi mabatire a mtengo woposa wa seva yomweyo, pamene kakang'ono kaja batire limodzi ndi sola ya padenga zingakachirikize kufikira magetsi atabwera.

Sindibisa kuti otsutsana nane ali ndi mfundo. Seva yeniyeni ili ndi RAM ya ECC imene imadzikonzera zolakwa, ili ndi iDRAC kapena iLO zoilamulira muli kutali, ndipo madisiki ake amazulidwa makina ali chiyakire. Izi mnyamata adzakumana nazo pa ntchito, ndipo n'koyenera kuti azigwirepo ndi manja ake tsiku lina. Koma zimenezi munthu aziphunzira m'sabata imodzi, pamene nzeru zotenga miyezi, monga kumanga netiweki, kugawa RAM mwachilungamo, kusunga makope ndi kuukitsa makina akufa, zimafuna kompyuta yoyaka tsiku ndi tsiku. Onjezani apo kuti VMware ESXi, kuyambira pa 7.0, inaleka kulandira mapulosesa a m'badwo wa R710, pamene Proxmox, yaulere, yochokera ku Vienna, imayenda bwino pa kakompyuta wamba.

Chotero ndalama zimene mukanalipira wa ngolo kuti akunyamulireni chitsulocho ziikeni pa RAM, pakuti ndiyo iyamba kutha makina akachuluka: 16GB ndi poyambira, 32GB ndi pokhazikika mtima, kuonjezapo SSD m'malo mwa disiki yozungulira. Ndipo pogula, kaya ndi ku msika wa Chisokone kaya ku Ndola, musachite manyazi kuuza wogulitsa kuti, "Bambo, tayatsani, mundionetse BIOS". Mukaona VT-x ndi VT-d, kapena SVM pa makina a AMD, tsegulaninso chivundikiro muone ngati muli malo awiri olowetsa RAM, kenaka muyambe kunenerera mtengo.