Musanasonkhe ndalama za cochlear implant, werengani mtengo wa zaka khumi

Kuno ku Kabulonga, munthu akadwala matenda ovuta, yankho limabwera msanga: tikiti ya ndeke yopita ku Johannesburg kapena ku India. Abale amatsegula gulu pa WhatsApp, a kuchalichi amasonkha, mwana amene ali ku London amatumizako zake. Mwambo umenewu wapulumutsa anthu ambiri ndipo sindiunyoza. Koma pali cithandizo cimodzi cimene sicigwirizana nawo bwino, ndico cochlear implant, kamakina kamene amaika m'khutu la munthu amene hearing aid yasiya kumuthandiza. Ndalama za opaleshoni tikhoza kuzisonkha m'mwezi umodzi. Zimene zimabwera pambuyo pake zimafuna zaka, ndipo ndi zimenezo zimene zimagamula ngati atate anu adzamvadi kapena kamakinako kadzathera m'dirowa.

Ambiri amaganiza kuti implant ndi hearing aid yamphamvu cabe. Si conco ai. M'kati mwa khutu muli kafupa kopindika ngati nkhono, kamene madokotala amakacha cochlea. M'menemo muli timaselo ta ubweya timene timasandutsa mau kukhala uthenga wopita ku ubongo kudzera mu mtsempha wa kumva. Hearing aid imangokweza mau, monga mmene mumakwezera wailesi, kuti timaselo timene tatsala tigwire nchito. Timaseloto tikafa tambiri, kukweza sikuthandizanso. Munthu amamva kuti wina akukamba, koma zimene akukambazo zimamveka ngati wailesi imene sinagwire bwino siteshoni.

Implant imalambalala timaselo takufato. Kuseri kwa khutu kumakhala kamakina kotola mau ndi kuwasandutsa zizindikiro za magetsi. Zizindikirozo zimadutsa pa kacinthu kozungulira komamatira pamutu ndi maginito, n'kufika ku mbali ina imene dokotala anaika pansi pa khungu. Kucokera pamenepo kawaya kopyapyala kamalowa m'kankhono kaja ndi kudzutsa mtsempha mwacindunji. Kawayako kamakhala ndi timfundo ta magetsi pakati pa 12 ndi 22, malinga ndi kampani, pamene khutu labwino lili ndi timaselo masauzande. Musaiwale manambala amenewa, cifukwa ndi amene amafotokoza zambiri zimene munthu amakumana nazo pambuyo pa opaleshoni.

Luso limeneli si la dzulo. Ingeborg ndi Erwin Hochmair anapanga implant ya timfundo tambiri imene inaikidwa mwa munthu ku Vienna mu 1977, ndipo Graeme Clark anacita cimodzimodzi ku Melbourne mu 1978. Ku South Africa, cipatala ca Tygerberg ku Cape Town cinayamba mu 1986. Anansi athu a ku Malawi anayamba ca m'ma 2014 pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, motsogozedwa ndi Dr. Wakisa Mulwafu, mothandizana ndi madokotala a ku Britain ndi kampani ya MED-EL. Palibe amene angakambe kuti ndi zoyesera. Zimagwira nchito, makamaka kwa munthu amene anali kumva ndi kukamba asanagonthe.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti nthawi yake yafika? Zizindikiro zimaonekera m'nyumba. Amai avala hearing aid tsiku lonse koma asiya kuyankha foni. Mukakamba muli kumbuyo kwao sagwira kanthu, afunika kuona milomo yanu. Pa maliro kapena pa kitchen party amakhala cete, kumangogwedeza mutu ndi kumwetulira kuti asacite manyazi. Zikafika apa, coyamba ndi kukayezetsa makutu kuno ku Lusaka. Ku UTH kuli madokotala a makutu, mphuno ndi khosi. Beit CURE pa Great North Road ili ndi cigawo coyeza makutu, makamaka a ana, ndipo Starkey Hearing Institute imaphunzitsa anthu oyeza makutu ndi kuika ma hearing aid. Nthawi zina vuto limakhala laling'ono: phula la m'khutu, makina okalamba, kapena makina amene anagulidwa pa intaneti osacunidwa molingana ndi khutu la mwiniwake. Implant ndi ya munthu amene wavala hearing aid yabwino, yocunidwa bwino, koma samvabe mau. Dokotala amafunanso zithunzi za CT kapena MRI kuti aone ngati kankhono ndi mtsempha zili bwino.

Pali mabanja ena amene amalakwitsa mbali inayo, yozengereza. Amati tiyembekeze, mwina adzazolowera. Koma ubongo umene wakhala zaka zambiri osalandira mau umavutika kuphunziranso, ndiye cifukwa cake munthu amene wagontha posacedwa amapindula kuposa amene wakhala zaka makumi awiri. Kwa munthu amene wagontha cifukwa ca matenda oumitsa khosi, nthawi imathamanga kwambiri, pakuti fupa likhoza kumera m'kankhono m'miyezi yocepa n'kutseka njira ya kawaya. Kwa mwana wobadwa wosamva, zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira ndi zimene ubongo umaphunzira cinenero mosavuta. Ndipo zogonthetsa anthu kuno n'zambiri: malungo a mu ubongo, matsagwidi, mankhwala amphamvu monga gentamicin, komanso kanamycin amene anali kubaya odwala TB yosamva mankhwala, phokoso la m'migodi ya ku Copperbelt, ndiponso ukalamba. Conco ndikamacenjeza za mtengo sindikutanthauza kuti mukhale pansi. Ndikuti fulumirani kufunsa, ndipo mufunse zonse.

Tsopano tikambe za tsiku limene timaliona m'mavidiyo a pa Facebook, pamene amayatsa kamakina munthu n'kuyamba kulira ndi cimwemwe. Tsikulo limabwera pakapita milungu iwiri mpaka inayi kucokera pa opaleshoni, bala litapola. Kwa ambiri silikhala ngati la m'vidiyo. Ena amangomva kulira kwa tinthu ngati mluzu. Ena amamva mau, koma onse ofanana, a mkazi wao ndi a mdzukulu wao ngati a loboti imodzi. Madzi a pa mpope, mapepala, mbale m'khichini, zonse zimasokosa. Timfundo 22 sitingafanane ndi timaselo masauzande, ndiye ubongo uyenera kuphunzira kumasulira uthenga wacilendowu. Umaphunziradi, koma m'miyezi, ndipo kwa ena kupita patsogolo kumapitirira caka cathunthu ndi kuposerapo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa nkhonoyo ili m'khutu mwenimweni.

M'caka coyamba munthu amabwerera kangapo kwa audiologist kuti akamucunire mphamvu ya timfundo timodzi ndi timodzi, cifukwa mtsempha umasintha pamene ukuzolowera. Pambuyo pake amapitabe mwina kamodzi pa caka, moyo wake wonse. Apa m'pamene tikiti ya ndeke imatinamiza. Ngati munthu wodziwa kucuna makina anu ali ku Johannesburg kapena ku Chennai, ulendo uliwonse ndi tikiti ina, malo ogona, ndi munthu woperekeza. Makina a makampani osiyana amafuna mapulogalamu osiyana, ndipo katswiri wa kuno amene ali ndi zipangizo za kampani imodzi sangacune za ina. Kucuna kwina masiku ano kumatheka pa intaneti, koma zimenezo muyenera kugwirizana musanacoke m'cipatala. Ine ndimaona kuti posankha pakati pa Cochlear, MED-EL ndi Advanced Bionics, funso lalikulu kwa munthu wa ku Lusaka ndi lakuti ndani pafupi ndi kwathu amene angacune ndi kukonza makinawa. Kukongola kwa kabuku kotsatsa kubwere pambuyo.

Pali cinanso cimene timabuku ta ku Ulaya sitingakuuzeni. Cinyanja cimadalira kukwera ndi kutsika kwa liu. Mtengo wa mango ndi mtengo wa tomato pa Soweto Market zimalembedwa mofanana, cimene cimasiyanitsa ndi kamvekedwe. Implant imagwira bwino nthawi ndi mphamvu ya mau, koma kukwera ndi kutsika imagwira movutikira, ndiye cifukwa cake nyimbo za kwaya kapena kalindula zimamveka zacilendo kwa nthawi yaitali. Nkhani yonse imathandiza munthu kuzindikira mtengo umene ukukambidwa, koma afunika kuzolowera. Onjezani apa kuti mu Lusaka ciganizo cimodzi cimayamba m'Cinyanja, n'kudutsa m'Cibemba, n'kuthera m'Cizungu, pamene mapulogalamu ambiri a pa foni ophunzitsa kumva ali m'Cizungu cokha. Mphunzitsi wa Cinyanja adzakhala inu a m'nyumba. Wina ayenera kukhala pansi tsiku lililonse, ngakhale theka la ola, kuwerenga mokweza pamene mwiniwake akutsatira ndi maso pa pepala, kuchula maina a adzukulu atabisa milomo, kuyesa foni kucokera m'cipinda cina. TV izimitsidwe pokambirana, anthu azikamba mmodzi mmodzi, ndipo kukuwa kulekeke cifukwa kumaononga mau. Ngati ana onse ali ku nchito kapena kunja kwa dziko, ndipo m'nyumba mwatsala wanchito yekha amene palibe wamuuza zimenezi, ndalama zanu zagwira theka la nchito.

Walira mvula walira matope. Mbali ya kunja ya implant imafuna magetsi tsiku lililonse. Mabatire otaya amatha m'masiku awiri kapena atatu, ndipo ocaja amafuna malaiti usiku uliwonse. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kupita maola ofika 21 pa tsiku. Nyumba zambiri za ku Kabulonga ndi Woodlands zinadalira sola ndi majenereta. Tsidya lina la mseu, ku Kalingalinga ndi ku Mtendere, anthu anali kusowa ndi pocajira foni. Kwa munthu wa implant, batire ikatha ndiye kuti khutulo latseka, ndipo popeza opaleshoni nthawi zambiri imacotsa kumva kocepa kumene kunatsala, sangabwererenso ku hearing aid yake yakale m'khutu limenelo. Nthambo zimaduka, thukuta la mu Okutobala ndi cinyezi ca dzinja zimaononga makina, ndipo pakapita zaka zisanu kapena kuposerapo mbali ya kunja imafunika ina yatsopano, ya mtengo wa madola masauzande. Zonsezi zimagulidwa ndi madola pamene penshoni imabwera m'makwaca. Opaleshoni nayonso ili ndi zake: cizungulire ca masiku angapo, kusintha kwa kakomedwe ka cakudya, katemera wofunika wa matenda oumitsa khosi, ndi kusamala nthawi iliyonse imene dokotala wina afuna kujambula MRI.

Anthu a Zambia National Association of the Deaf, bungwe limene lakhalapo kuyambira 1981, ali ndi mau ao pa nkhaniyi, ndipo tiyenera kuwamvera. Kwa ambiri a iwo kusamva si matenda ofuna kucizidwa. Ali ndi cinenero cao ca manja, masukulu ao monga Magwero ku Chipata ndi cigawo ca ogontha pa Munali, maukwati ao ndi nthabwala zao. Munthu wamkulu amene wasankha kukhala m'cinenero ca manja sanalephere ciliconse. Kumene ndimasiyana ndi mbali zonse ziwiri ndi pamene zimatikakamiza kusankha cimodzi. Mwana wa implant akavula kamakina kuti asambe kapena agone, kapena kakaonongeka n'kudikira cina milungu ingapo, amakhala wosamva ngati kale. Mwana amene makolo ake anaphunzira manja amakhalabe ndi wokamba naye m'milungu imeneyo. Makolo amene anauzidwa kuti manja amacedwetsa kulankhula n'kuwasiya amangoyang'anizana ndi mwana wao. Kwa akulu amene agontha atakula, kuvala hearing aid m'khutu linalo pamodzi ndi implant kumathandiza ambiri kumva nyimbo ndi kamvekedwe ka liu, conco musafulumire kuitaya.

Boma nalonso lili ndi mbali yake. Tili ndi lamulo la anthu olumala la 2012, ndipo aliyense wa pa nchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro kupita ku NHIMA. Cimene cingasinthe miyoyo ya anthu ambiri ndi kuphunzitsa ma audiologist ndi aphunzitsi a kulankhula odziwa zinenero zathu, kuyeza makutu a makanda asanatuluke m'cipatala, ndi kuonetsetsa kuti mabatire ndi nthambo zikupezeka mu Lusaka pa mtengo wotheka. Popanda zimenezi implant idzakhalabe ya mabanja ocepa amene ali ndi mpanda wa magetsi, pamene matenda oumitsa khosi sasankha komboni.

Conco gulu la pa WhatsApp likatsegulidwa, wina alimbe mtima afunse: ndani adzacuna makina ndipo ali kuti, maulendo angati m'caka coyamba, mabatire ndi nthambo tidzagula kuti, ndani adzalipira mbali ya kunja ikatha, ndipo ndani adzakhala pansi ndi ambuya madzulo alionse. Mayankho alembedwe, ndi maina a anthu pambali pake. Ndipo mwiniwake akhalepo pa kukambiranako. Anthu osamva bwino timawakambira ngati kulibe, timapanga misonkhano ya banja iwo ali pa khonde. Mulembereni pa pepala zimene dokotala wakamba, zabwino ndi zovuta zomwe, mumupezere munthu amene anaikidwa kale implant kuti aceze naye, kenako mumufunse cimene iye afuna. Akavomera akudziwa za miyezi ya mau a loboti, adzavala kamakinako ngakhale tsiku limene kakumutopetsa. Akakana, yambani kuphunzira manja pamodzi naye.