Masitolo Akale a m'Mbali mwa Shire Asagwetsedwe

Pali anthu amene amati masitolo akale a m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pa Liwonde ndi ku Mangochi, ndi zotsalira za atsamunda ndi amwenye, choncho angogwetsedwa. Ife maganizo amenewa tikuwakana.

Njanji isanafike kuno, mtsinjewu ndiwo unali msewu wa malonda. Sitima zapamadzi za kampani ya African Lakes, imene inakhazikitsidwa mu 1878 ndipo makolo athu ankaitcha Mandala, zinkanyamuka pa Matope, n'kudutsa pa Liwonde ndi m'nyanja ya Malombe, mpaka ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi. Nanga ankatsitsa katundu padoko ndani? Ankaumba ndi kuotcha njerwa ndani? Ankasoka zovala pamakonde a masitolo a amwenye ndani? Anali makolo athu.

Ku Mangochi kukusungidwa nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, komanso mzinga wa sitima ya Guendolen, imene inaombera sitima ya Ajeremani mu 1914. Koma makoma amene anamwa thukuta la Ayao ndi Anyanja akung'aluka, ndipo malata ake adyeka ndi dzimbiri.

Tikupempha makhonsolo a Machinga, Balaka ndi Mangochi kuti alembe nyumba zonsezi m'kaundula, aletse kuzigwetsa mwachisawawa, ndipo atumize anthu kukafunsa akuluakulu amene ankagwiramo ntchito. Akuluakuluwo akatisiya, sipadzakhalanso wotiuza mayina a amene anazimanga.