Mwana Asakhale Mlendo Konse Kuwiri

Ndikhulupirira kuti ambiri a ife pa sukulu pano tili ndi mbale wathu ku Joni. Kale amuna ankapita okha. A Wenela ankalemba amuna amphamvu nawasunga m'makomboni a migodi, ndipo akazi ndi ana ankatsala kumudzi kudikira kalata ndi ndalama. Kulembako kunaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha amuna a kwathu oposa 70. Kunayambanso pambuyo pake, ndi kulekeka mu 1988. Ulendo wa masiku ano ndi wina. Bambo ndi mayi akwera basi pamodzi, nadzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, khanda lili kumsana. Za ana amenewa ndizo ndifuna kunenapo maganizo anga.

Ine nditi kholo limene litengera mwana kunja, kapena kubereka mwana kumeneko, lili ndi ngongole ziwiri kwa mwanayo, zoposa nsapato zokongola ndi foni. Yoyamba ndiyo chikalata chosonyeza kuti iye ndi wa dziko liti. Yachiwiri ndiyo chinenero cha kwawo. Mwana wosowa ziwirizi akula ali mlendo kumene anabadwira, ndiponso mlendo kwa agogo ake.

Sindinena izi monyoza, pakuti moyo wa makolo amenewa ndiudziwa. Azakhali anga akhala ku Johannesburg zaka 7, iwo ndi amuna awo ndi ana awiri. Nyumba yawo ndi chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya munthu wina, chogawidwa pakati ndi nsalu. Amuna awo asamala maluwa ndi kapinga pa nyumba za anthu olemera, ndipo alawira kusanache. Azakhaliwo achapa ndi kusita. Kwathu kuno mayi akapita kudimba asiya mwana kwa agogo kapena kwa mnzake wa khomo loyandikana, osalipira kanthu. Kumeneko kulera mwana ndi kwa ndalama, ndipo tsiku limene mwana wadwala, mayi ajomba ku ntchito nataya malipiro a tsikulo. Mu June ndi July kuzizira kwake ndi koopsa, kotero kuti ana agona atavala majuzi. Mwezi ukatha alipira lendi ndi wolera ana, ndipo asanapume foni ilira kuchokera kumudzi: feteleza, maliro, fizi. Ina ya fizi yanga ya chaka chino inachokera m'chipinda chimenecho. Munthu wotopa chotere sikovuta kuti anene kuti, “Za zikalata tidzaona mawa.”

Komatu mawa limenelo ndilo lipweteka mwana. Ku South Africa lamulo lifuna kuti kubadwa kwa mwana kulembetsedwe asanathe masiku 30. Mwana wobadwa kwa makolo achilendo sakhala nzika ya kumeneko chifukwa chongobadwirako. Kuyambira mu 2013 lamulo limlola kupempha unzika akakwana zaka 18, ngati wakhala komweko chibadwire, ndiponso ngati kubadwa kwake kunalembetsedwa. Tsono wosalembetsedwa adzapempha ndi chiyani? Nzoona kuti mu December 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana asathamangitsidwe ku sukulu chifukwa chosowa zikalata. Koma sukulu ili ndi mapeto ake, ndipo pofuna ntchito, pasipoti kapena buku la ku banki, munthu afunsidwa pepala. Makolo ena aopa kufika ku ofesi chifukwa masiku awo okhala m'dzikomo anatha kale. Mantha amenewo ndiwamvetsa. Ngakhale zili choncho, pepala la ku chipatala kumene mwana anabadwira lisungidwe ngati ndalama, ndipo kholo lifunse njira kwa akazembe a dziko lathu, amene ali ku Pretoria ndi ku Johannesburg.

Amene ayesa kuti ndikukulitsa nkhani ayang'ane ku Zimbabwe. Azigogo athu ambiri anapita ku Southern Rhodesia, ena pa galimoto za Ulere, ena polembedwa ndi Mthandizi, nakhazikika m'mafamu ndi m'migodi pamodzi ndi mabanja awo. Ife tinawatcha machona. Ana ndi adzukulu awo anabadwira komweko, osaonako Malawi. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, ambiri a iwo anataya ntchito ndi pogona pomwe, ndipo analibe mudzi wothawirako. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, nalamula kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzika winawo. Ochuluka amene sanatero anawerengedwa alendo m'dziko limene anabadwiramo. Zinakonzedwa ndi malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013, koma zaka 12 ndi zambiri pa moyo wa munthu. Makolo awo sanali oipa. Anangoyesa kuti akhala pang'ono nabwerera.

Ndibwere ku chinenero. Ana a azakhali anga alankhula Chizulu ndi Chingerezi mosadodoma, koma atabwera pa Khirisimasi wamkuluyo sanathe kuyankha moni wa agogo. Agogo anamfunsa kawiri, kenaka anangomgwira dzanja nakhala chete. Chifukwa chake chilipo. Mu May 2008 chipolowe chodana ndi alendo chinayamba ku Alexandra, ndipo anthu 62 anaphedwa. Mu April 2015 chinabukanso ku Durban, mpaka boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Kholo limene linaona zimenezi liuza mwana kuti asamveke Chichewa pa msewu. Sindilitsutsa, pa msewu mwana alankhule chimene chimteteza. Koma chitseko chikatsekedwa madzulo, poto wa nsima ali pamoto, aopanso yani? Mabasi a 2015 aja atiphunzitsa kuti ulendo wobwerera ukhoza kufika mwadzidzidzi, ndipo mwana atsikira ku Blantyre nakalowa Sitandade 3 kumene mphunzitsi ndi anzake onse alankhula Chichewa. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Anzanga ena anena kuti njira yabwino ndiyo kusiya ana kwa agogo kumudzi. Mawu awo ali ndi nzeru: mwanayo adziwa chinenero ndi mwambo, ndipo chipolowe sichimpeza. Koma ife a sukulu yogonera tidziwa kutalika kwa miyezi itatu osaona mayi, chikhalirecho ndife akuluakulu. Nanga mwana wa zaka 4, amene amayi ake awadziwa pa foni pokha? Agogonso ndi okalamba. Analera kale ana awo. Ine sindiweruza banja limene lasankha njira iyi kapena iyo. Ndingoti amene watenga mwana atengenso udindo wake wonse, pakuti walira mvula walira matope.

Enanso anena kuti Chingerezi ndicho chipatsa ntchito, Chichewa nchachiyani? Ndiyankha kuti mutu wa mwana si nkhokwe imene idzaza. Mwana amene waphunzira zinenero ziwiri pa msewu sangalephere chachitatu pa miyendo ya amake. Sichifuna fizi kapena buku: nthano imodzi pogona, dzina la ndiwo, moni wa akulu, ndi kumpatsa foni kuti alankhule yekha ndi agogo Lamulungu lililonse. Ngati kwawo ndi ku Mangochi kapena ku Mzimba, chikhale Chiyao kapena Chitumbuka. Chachikulu nchakuti agogo akamfunsa, iye ayankhe.

Ifenso otsala kuno tili ndi mbali yathu. Mwana wobwera kuchokera kunja akalakwitsa mawu timseka, timpatsa maina, ndipo iye atseka pakamwa osayesanso. Kumeneko anamutcha mkwerekwere. Kuno timutcha wa ku Joni. Kodi kwawo kudzakhala kuti? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipempha kuti wotere akafika m'kalasi mwathu kapena m'nyumba yathu yogona, timuongole mwaulemu monga tifuna kuti aphunzitsi ationgole Chingerezi.

Potsiriza, anzanga, tisayese kuti nkhaniyi ndi ya anthu ena. Tikalemba mayeso a Fomu 4, ena a ife tidzakwera basi yomweyo, ena ndege ya ku London, ndipo tonse tidzanena kuti tikungopita zaka ziwiri. Machona ananenanso chomwecho. Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2018 kuti Mmalawi akhoza kukhala nzika ya maiko awiri, kotero khomo lobwerera ndi lotsegula kuposa kale. Chotsala ndi chakuti ife, tikadzakhala makolo kutaliko, tidzalembetse mwana mwezi umene wabadwa, ndi kumphunzitsa kunena kuti, “Ndili bwino, agogo, kaya inu?”

Wophunzira wa Fomu 3