Kodi munadzivutikiradi nokha?



Pali mawu amene akundivuta masiku ano. Amamveka pamaliro, paukwati, ngakhale m'minibasi yochoka ku Mzuzu kubwera kuno ku Rumphi: "Ine ndinadzivutikira ndekha, palibe anandithandiza." Wonena mawuwa amakhala munthu woti zake zayenda. Ntchito ali nayo, nyumba yamalata wamanga, mwina kagalimoto kali pabwalo. Ndipo akangotero, mawu otsatira mukuwadziwa kale: "Abale angawa ndi aulesi basi."

Sindikukana kuti munavutika. Kuwerenga ndi koloboyi mpaka maso kufiira, kuyenda wapansi kupita kusukulu m'mimba muli gwaa, limenelo ndi khama ndithu. Koma lero tiyeni tiwerengere limodzi zinthu zimene munazipeza zili kale, zimene simunakhetsere thukuta.

Choyamba ndi malo amene munabadwira. Rumphi imatchuka kuti ndi kwa anthu ophunzira, mpaka ena amayesa kuti kuno timabadwa ndi nzeru zapadera. Mbiri yake ndi iyi: amishoni a Livingstonia anayamba ntchito yawo ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881, koma malungo anawasautsa konseko. Mu 1894 Dr Robert Laws anakhazikika paphiri la Khondowe, ndipo sukulu ya pamenepo inaphunzitsa aphunzitsi amene anafalikira m'midzi yathu. Agogo athu sanalembe kalata yowaitana. Akanasankha phiri lina, bwenzi mbiri ya ophunzira ili ya boma lina. Mwana wobadwira m'nyumba momwe agogo ake ankatha kale kulemba kalata amayamba mpikisano ali patsogolo.

Ngakhale mu Rumphi momwemu sitinayambire pamzere umodzi. Wina anabadwira pafupi ndi chipatala cha David Gordon ku Livingstonia kapena cha paboma. Wina anabadwira ku Tcharo m'mbali mwa nyanja, komwe kwa zaka zambiri njira yake inali bwato kapena miyendo. Ndikuuzeni ngati namwino: mwana akachedwa kupuma atangobadwa, mphindi zochepa chabe zikhoza kuvulaza bongo wake moyo wonse. Malungo akulu akamugwira ali wakhanda nachedwa kulandira mankhwala, nawonso amasiya chipsera m'mutu. Chakudya chikaperewera m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, mwanayo amapinimbira ndipo sukulu imadzamuvuta. Ndiye mbale wanu amene mumamunena kuti ndi mbuli chifukwa anabwereza Sitandade 5 katatu, kodi mukudziwa mmene anabadwira?

Chachiwiri ndi chaka chimene munabadwa. Ife a m'badwo wanga tinkalipira fizi ngakhale kupulayimale, ndipo atsikana anzanga anzeru kundiposa anatsala panjira chifukwa cha ndalama yochepa. Mu 1994 boma linachotsa fizi ya kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ana m'sukulu chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Ana onsewo anali kuti? Anali pakhomo, akulisha mbuzi ndi kulera makanda. Nzeru anali nazo, chosowa chinali fizi.

Za Edzi ndiye musakambe. M'zaka za m'ma 1990 ife anamwino tinkaona aphunzitsi, makalaliki ndi alimi amphamvu akutha m'mawodi, ife tilibe chowapatsa choposa panado ndi mawu achilimbikitso. Ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Bambo amene anadwala mu 1998 anasiya ana amasiye. Mnzake amene anadwala mu 2008 wafika poona adzukulu. Onse awiri analakwa kapena kulakwiridwa chimodzimodzi, chinawasiyanitsa ndi kalendala. Ngati inu munakula ndi makolo onse awiri, msuweni wanu nakula akusinthanitsidwa m'makomo, musamuyeze ndi muyeso wanu.

Chachitatu ndi anthu amene anakusenzani. Fizi ya kusekondale ija inachokera kuti? Mabelo a fodya a ku Bolero kapena ku Hewe sanadzisoke okha. Khofi wa ku Phoka sanadzithyole yekha. M'mabanja ambiri kuno, ng'ombe za malowolo a mlongo ndi zimene zinaphunzitsa mchimwene. Mtsikana anakwatiwa ali wamng'ono, mnyamata nafika kukoleji. Lero mlongoyo akabwera kutauni ndi chitenje chothetheka, mlamu wake amamuyalira mphasa kukhitchini kuti asadetse mipando. Ana anga, zimenezi n'zochititsa manyazi. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame.

Nkhaniyi ikupasula mabanja. Bambo wa digiri amayamba kuchita manyazi ndi mkazi wake amene analekera Fomu 2, kuiwala kuti sukuluyo inalekeka chifukwa cha mimba yake yomwe, ndiponso kuti mayiyo ankagulitsa mandasi pamene iye anali m'kalasi. Mayi wokulira m'nyumba yamagetsi amanyansidwa ndi apongozi ake akumudzi. Ana akuona zonsezi, ndipo mawa ndi iwo amene adzatukwana wantchito ndi kumana mwana wamasiye amene mukumusunga.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti tipinde manja kudikira mwayi, kapena tizikafuna mankhwala amwayi kwa asing'anga, kapena tizitaya ndalama ya ufa pa juga ya mpira. Mwayi wa mnzako sagonera pabwalo. Mvula ikagwa amakolola ndi amene analima. Ndipo inu amene zinthu sizinakuyendereni, musasandutse mbale wanu banki kapena kumunena kuti anakhwimira. Mfundo yanga ndi yakuti amene wakolola asaiwale kuti mvulayo sanagwetse ndi iye.

Tsono mutani? Sabata ino, ana akagona, khalani pansi awirinu ndi pepala. Aliyense alembe maina a anthu amene anamuthandiza kufika pamene ali: amene analipira fizi, amene anamusunga pakhomo pawo nthawi ya mayeso, mphunzitsi amene anamubwereka buku, amene anamulozera pamene panali ntchito. Mudzadabwa kutalika kwa mndandandawo, ndipo mudzamudziwa bwino mnzanuyo.

Mukatero, pitani mukathokoze akadali moyo. Kuno timati yewo, ndipo yewo wabwino amayenda ndi kathumba ka shuga, sopo kapena bulangeti la m'nyengo yozizira. Bokosi lodula ndi nkhata zamaluwa sizimveka kwa munthu amene wagona.

Kenako gwirizanani ndalama imene mungathe kupatula mwezi uliwonse yothandizira abale, ndipo ipite mbali zonse ziwiri, kuchimuna ndi kuchikazi. Zotumiza mobisa pafoni ndi zimene zimayambitsa ndewu. Ngati simungathe zambiri, sankhani mwana mmodzi, mumugulire yunifolomu, makope ndi nsapato mpaka amalize. Kupatsa n'kuika.

Pomaliza, auzeni ana anu mbiri yanu yonse. Musamangowauza kuti munkakhala nambala wani m'kalasi. Auzeninso za azakhali awo amene anasiya sukulu kuti inu mupitirize. Patchuthi muwatengere kumudzi, akatunge madzi, akagone pamphasa, akadye nsima imodzi ndi asuweni awo. Pakhomo, mwana aphunzire kunena zikomo kwa amene wamuphikira ndi kumuchapira, ngakhale akhale wolembedwa ntchito.

Ndipo tsiku lina mawu akuti "waulesi" akadzafika pamilomo, yambani mwafunsa kaye kuti munthuyo anabadwira kuti, chaka chanji, ndipo anamusenza ndani.

Tikumanenso Lamulungu likubwerali. Musaiwale kugona m'masikito.